Gomezgani ndi Mawu Oti Vliegveld

Anzanga, sabata ino ndikungozungulira m'chipinda ngati ndataya chinthu. Ndiloleni ndikuuzeni chifukwa chake.

Zaka zambiri zapitazo, ndili m'basi yochokera kutchalitchi ku Abu Hamour kuno ku Doha, bambo wina amene anakhala pambali panga ankalimbana ndi foni yake.

"Vi-li-gi-ve-li-di," ankanong'ona.

Ndinaseka. Nthawi imeneyo ndinkalera ana a banja lina lachidatchi ku Al Thumama, ndiye mawuwo ndinkawadziwa. Vliegveld, bwalo la ndege.

"Achimwene, mwawaduladula kwambiri. Eni ake amawadula pawiri basi: vlieg, veld."

"Nanga lilime la ku Rumphi lingathe zimenezo?"

Anali Gomezgani, security guard ku Msheireb. Ankaphunzira Chidatchi chifukwa msuweni wake anamulonjeza ntchito ku Holland.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse tinkakhala mpando umodzi. Ndinkamuwombetsa m'manja monga ankachitira ana a abwana: vlieg... veld. Iye ankawonjezerabe "i" kumapeto, ngati mmene timanenera "basi" kapena "foni". G wa Chidatchi wotchulira pakhosi ankamutsokomoletsa mpaka anthu kutembenuka.

"Felister, Chidatchi chanuchi chindipha ndi chifuwa," ankatero.

Ndinamukonda m'kulephera kwakeko.

Ponyamuka kupita ku Holland anati akakhazikika adzandiitanitsa. Ma voice note ankabwera tsiku lililonse, kenako mwa apo ndi apo. Tsiku lina anatumiza yoti akupita ku vliegveld kukachingamira mnzake. Anawatchula bwinobwino, pawiri, g ali pakhosi penipeni, "i" palibe.

Ndinaimvetsera mobwerezabwereza. Lilime limenelo ine linandikanika kuliwongola.

"Akukuphunzitsani ndani?" ndinalemba.

Yankho linachedwa. "Dzina lake ndi Lotte. Ndimafuna ndikuuzeni bwino..."

Sindinayankhe. Ndinatsala kuno. Ana aja anakula n'kubwerera kwawo, ine ndinalowa ntchito ya kuhotela, imvi zinayamba.

Lolemba lapitali Gomezgani anandilembera. Akupita ku Rumphi kukaona mayi ake amene akudwala, ndege ikudzera ku Doha, ndipo agona kuno. "Sindikupempha kanthu. Ndingokuonani basi."

Ndalemba "ayi" n'kufufuta kangapo. Za Lotte sindinafunse, iyenso sanatchule. Kuntchito dzulo ndinayala bedi limodzi kawiri, supervisor mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndavomera, anzanga. Loweruka madzulo, pakhomo la metro ku Msheireb. Off ndapempha kale. Koma chimene ndikamuuze akadzaima patsogolo panga, mpaka pano sindikuchidziwa.