Amalume azula chingwe Tamala akuimba

Moni nonse abale. Lero ndapsa mtima ku chinkhoswe cha Esinati pa Chonde.

Mng'ono wake Tamala anatenga gitala n'kuyamba nyimbo yopeka yekha, yokumbukira malemu mayi awo akutchola tiyi mvula ili pamsana. Mukuwadziwa mawu ake aja, okhala ngati asasa, okoka pang'onopang'ono.

Nyimbo ili pakati, amalume a Fulaye anakazula chingwe cha sipika. Akuti, "Pano si pamaliro, akuimba ngati waledzera." Anyamata ena mpaka kuwaombera m'manja.

Koma azimayi amene ankatchola tiyi ndi malemuwo anali akupukuta misozi ndi zitenje. Mmodzi anati, "Pitiriza mwanawe, ife tikumva." Tamala anamaliza popanda sipika.

Ndiye tandiuzeni, ngati pa chinkhoswe cha mkulu wake n'poletsedwa, mwanayu akawakumbukire kuti mayi ake?