Chilimwe Chimene Amayi Analowa Pansi pa Njati

Bafa lathu losambira linali lamalata, lopindika khutu limodzi, ndipo chaka chimene atate anamwalira linasiya ntchito yake. Munagona mabawuti, manati ndi tizitsulo tina tomwe sindinkatidziwa mayina, zonse zitamira m'palafini wakuda bii. Ife ana tinkasambira m'ndowa. Mpaka lero fungo la palafini silindikumbutsa nyali ayi, limandikumbutsa bafa lija lili pakhonde la nyumba ya mgodi ku Kitwe, dzanja la amayi likuvuula m'menemo.

Zitsulozo zinali za Njati. Ndilo dzina limene atate anapatsa galimoto yawo, ija ya m'tchire yokoka ndi mateyala onse anayi, yomwe anaigula kwa azungu ofufuza miyala pamene ankalongedza katundu ufulu utabwera. Zinali zaka za mkuwa. Malipiro a mumgodi anakwera, anzawo a atate ankagula mawailesi ndi masuti, ena timagalimoto tonyezimira tokhudza pansi ndi mimba. Atate anabwera ndi chinthu chokokedwa pachingwe, chopanda galasi lakutsogolo, denga lake lona wong'ambika. Ankati timagalimoto ta anzawoto tidzathera pamene phula lathera, koma Njati idzadutsa matope a dzinja mpaka kwathu ku Katete. Komboni yonse inkaseka. Iwo akaweruka ankasamba bwinobwino, kenako n'kukadzidetsanso pansi pa galimoto. Chifuwa cha fumbi la mumgodi chinawatenga injini ili yotsegula, Njati itakhala pa njerwa.

Kwathu kum'mawa chuma cha mwamuna sichitsalira mkazi kapena ana ake, chimapita kwa ana a mlongo wake. Ndiye pamaliro panabwera msuweni wanga, mwana wa azakhali, munthu wandevu kale amene ankayendetsa malole ku Chipata. Anayang'ana njinga, wailesi ndi jekete la atate, nati adzazitenga mvula isanagwe, tsiku losudzula amayi, lija achibale a mwamuna amamasula mkazi wamasiye. Atafika pa Njati anamenya chitseko ndi phazi. Anthu anali asanabalalike.

"Amalume anatayira moyo pa chigoba ichi? Chisungeni, mayi, nkhuku ziziikiramo. Ine sindinyamula maliro awiri."

Ena anasekera m'zitenje.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito m'galaja ina ku mafakitale a ku Ndola, ndipo ankabwera pa basi Loweruka lililonse. Iwo nkhaniyi anaiona msanga. Masiku amenewo zitsulo za galimoto zinkasowa chifukwa njira yakummwera yobweretsera katundu m'dziko inali itavuta, ndiye magiya a Njati akanapeza wogula dzuwa lisanalowe.

"Mlongo, yakufayi ndi yako, wakusiyira pamaso pa anthu," anatero amalume. "Tiphwasule, tigulitse, ana adye. Ukaidzutsa yabwerera kwa eni ake."

"Ndamva," anatero amayi. "Mutu wa injini umamangidwa kuyambira bawuti iti?"

Mkazi wamasiye amayenera kukhala m'nyumba, kuvala zakuda, kuyankhula motsitsa mawu, kudikira kuti anthu amumvere chisoni. Amayi zakuda anavala ndithu, koma pamwamba pake anavala ovolosi ya atate, miyendo atapinda kawiri. Anayala thumba pansi, nalowa chagada kunsi kwa Njati. Azimayi a kumpingo atabwera kudzapemphera nawo anapeza mapazi okha akusuzumira. Aneba athu Achibemba ankaima kumpanda akupukusa mitu, "Awe mukwai, awe." Wina anawauza kuti manda a mwamuna wawo akadali ofewa. Amayi anayankha ali pansi pomwepo kuti manda akuwadziwa kumene ali, koma sipanala ya hafu ndi imene yasowa, ngati alipo waiponda asunthe phazi.

Sanali makanika. Zaka zonse zija anali wogwirira atate nyali ndi kuwapatsira zida, akuwanyoza kuti anakwatira akazi awiri, wachiwiriyo wa dzimbiri. Koma maso awo ankaona. Loweruka amalume ankawasonyeza chochita, mkati mwa sabata iwo ankachita. Mavavu a injini anawapera okha, akupekesa kamtengo pakati pa zikhato ngati munthu wofuna moto, mpaka manja anatuluka matuza. Magasiketi ang'onoang'ono, otseka mipata pakati pa zitsulo kuti pasadonthe, ankadula pa katoni, akugogoda m'mphepete ndi kahamala. Ya mutu wa injini inasowa mu Kitwe monse ndi mu Ndola momwe, ndiye amalume anabwera ndi chipepala cha mkuwa, nachidula mabowo, nachiwotcha pambaula mpaka chinafiira, nachiviika m'madzi kuti chifewe. Ankaseka okha kuti dziko lonse la pansi likudya mkuwa wathu, nafenso tilaweko. Sipuling'i yakumbuyo yothyoka anaisintha ndi ya lole, yofupikitsa ndi sowo. Amayi anacheka chitsulo chimenecho masiku angapo, phokoso lake likulowa m'mano.

Kuzizira kunatha, kunabwera mphepo ya fumbi, kenako kutentha kuja kumene utsi wa kumgodi umatsika n'kumakanda pakhosi. Kusukulu ankanditcha mwana wa makanika wa diresi. Ndinang'amba malaya a mtsikana wina chifukwa cha dzina limenelo, aphunzitsi nandikwapula, ndipo sindinapepese. Ndinali nditasankha kale mpando wanga, wakumbuyo kumanzere. A mgodi anali atatiuza kuti nyumba ikufunika kwa wantchito wina, amayi atapeza chipinda ku komboni ya Bulangililo, ndiye ndinkauza aliyense kuti ife tidzasamuka pa galimoto yathu. Mawu a amalume aja, oti ikadzuka ibwerera kwa eni ake, ndinawamva ndi makutu anga, koma mwana amasunga zimene zamukomera.

Tsiku loyamba kuiyesa, Njati inatichititsa manyazi. Batire inali yofooka, ndiye inkafunika kupukusa ndi handulo kutsogolo. Amayi anapukusa, injini inakhosomola, handulo n'kubwerera mwamphamvu kuwamenya padzanja lamanja. Anakhala pansi osalira, milomo itauma. Kumpanda kunali anthu, ndipo ndinamva wina akuti mwini wake kumanda wakana. Amalume anapeza kuti moto unkafika msanga m'injini, naukonza, koma dzanja linatupa ngati chinangwa. Amalume anawachondereranso kuti zikwane, mpata wogulitsa ukadalipo. Amayi anamanga dzanjalo ndi kansalu, nafunsa ngati munthu sangapukuse ndi lamanzere.

Msuweni anabwera mitambo itayamba kusonkhana, pamodzi ndi akuluakulu awiri a kwawo kwa atate. Anakhala pansi pa mango, aneba atadzaza bwalo. Mawu osudzula ananenedwa, amayi anavula duku lakuda, njinga ndi wailesi ndi jekete zinaikidwa pamphasa. Zonse zitatha amayi ananyamuka osapempha, napita kutsogolo kwa Njati. Inali itatsika kale panjerwa, koma palibe mlendo anaiyang'ana kawiri. Amalume anakhala pachiwongolero. Amayi analowetsa handulo, nagwira ndi dzanja lamanzere, nakoka.

Inalira. Inagwedeza chitseko chake, inatulutsa utsi wabuluu, nkhuku zinabalalika, kenako mawu ake anakhazikika. Amayi anakwera kutsogolo. Amalume anaidutsitsa m'ngalande ya kuseri kwa nyumba, nakankha kagiya kakang'ono ka mateyala onse anayi, Njati n'kukwera m'mbali mwa chulu chachikulu chimene tinkasewerapo, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodziwa njira. Ine ndinkadumpha, ndikukuwa mpaka mawu anasasa.

Atatsika, mmodzi wa akuluakulu aja anakonza kukhosi. Anati chimene mnyamata anakana chinali chigoba, koma ichi ndi galimoto, ndipo mwambo aliyense akuudziwa. Msuweni anayang'ana pansi, koma sanakane. Amayi anali ndi kiyi m'manja.

"Bwera apa, bambo. Ima pomwe unaima paja. Amalume ako anatayira moyo pa chiyani?"

"Pa motoka, mayi."

"Kweza mawu. Akumpanda sanamve."

Anavula chipewa, nabwereza mokweza. Amayi anamupatsa kiyi. Anamuuza kuti madzi aziona m'mawa uliwonse, ndi kuti giya yachiwiri imafuna ulemu. Njinga ndi wailesi anazikweza kumbuyo, pampando wanga womwe uja. Njati itanyamuka ndinaithamangira mpaka pamsewu waphula, ndikutukwana msuweni mawu amene sindinkadziwa kuti ndimawadziwa.

Lero ndili ndi ana ndi adzukulu, ndipo ndimanena poyera kuti amalume sanalakwe. Ku Bulangililo tinagonapo ndi njala, ndipo magiya aja akanatidyetsa miyezi. Dzanja la amayi silinawongokenso bwino mpaka imfa yawo. Komabe munthu akandiuza kuti amayi anapusa, ndimamuonetsa khomo.

Tinasamuka sabata yotsatira, wapansi, katundu pamutu. Ine ndinali nditasiya kuwayankhula amayi. Pokhapokha titatseka chitseko ndi pamene ndinawafunsa kuti anaikonzeranji. Anandiuza kuti ndinyamule mpando ndiziyenda. Iwo anali patsogolo, matiresi pamutu, khosi lili chilili, akupereka moni khomo ndi khomo ngati akupita ku ukwati. Amuna amene ankaseka atate aja ankadzuka pamipando yawo poyankha, ena zipewa m'manja. Ine ndinkangoona kuti tikuyenda pansi, dzuwa likutiwotcha, ndi kuti amayi anathandiza okha munthu kutilanda. Ndinali ndisanafike pomvetsa kuti m'komboni monse muja simunatsale pakamwa pomwe pakanatchula atate n'kuseka, ndi kuti chimenecho msuweni sakanachikweza pa galimoto.