Msamuko ndi dzanja la achimwene

Ine kusukulu sindinapondeko, koma za bawo la Msamuko musandiuze, linabadwira pakhonde panga. Nthawi imeneyo boma linkachoka ku Zomba kubwera kuno, akatapila ali kalikiliki kugumula midzi kuti amange likulu. Wathu nawonso unapita. Amuna anga anapeza ya ulonda ku Area 12. Munthu wokhala pageti tsiku lonse mutu umayenda, ndiye anapeka masewera. Aliyense ali ndi mudzi wake wa nkhomo, timbewu ta bawo tija, pakati pali mwala wakuda, ndiye katapilayo. Uzithawitsa nkhomo zako mwala usanafike. Ukachedwa, wagumulidwa.

Wosema anali achimwene anga aakulu. Pakhomo pawo ponse ankadya za dzanja lawo lamanja limenelo. Anasema thabwa la mlombwa, maenje ozungulira ngati misewu yatsopano ija. Loweruka ankakhala awiri kumsika, achimwene kugulitsa, amuna anga kuphunzitsa, poti malamulo anali m'mutu mwawo basi. Anapangana kuti thabwa lisachoke wogula asanasewere ndi amuna anga mpaka adziwe.

Koma ogula sadikira Loweruka. Achimwene anatopa kubweza anthu, anayamba kugulitsa okha mkati mwa sabata, nkumaphunzitsa zomwe akukumbukira. Pomwe aiwala, ankangoikapo zawo. Kwa iwo katapila ankatha kubwerera m'mbuyo, mudzi nkupulumuka.

Ndiye telala wina wophunzitsidwa ndi achimwene anakasewera ndi bilidala wophunzitsidwa ndi amuna anga. Uyu akuti wabera, uyo akuti wabera ndiwe. Bilidala anamung'amba khutu telalayo ndi mano. Telalayo anabwera kwathu khutu lili lende, kudzatukwana kuti masewera athu ndi a akuba.

Amuna anga anavala nsapato zakuntchito zija, ulendo wa kumsika, ine pambuyo nsalu ikumasuka. Tinapeza achimwene akupala thabwa.

"Alamu," anatero amuna anga, mawu ali pansipansi, "katapila munamuona liti akubwerera? Mudzi wathu uja anaubweza?"

Achimwene osadzutsa nkomwe mutu. "Thabwa ndi langa, alamu. Inu munasemapo chiyani, malovu?"

Chibakera cha amuna anga chinagwa pamenepo. Achimwene anadzuka nkuwagunda ndi mutu pakamwa, dzino la amuna anga linagwera m'dengu la tomato wa mayi wina. Anagwirana pakhosi, kugubuduzana m'matope, nkhomo mbwee, anthu kuterereka nazo. Amuna a pamsika anangopanga bwalo, ena akuchemerera. Ine ndinalowa pakati, chigongono cha sindikudziwa ndani chinanditseka diso ili.

Nditaphenya ndi diso linalo, ndinaona achimwene ali chafufumimba, dzanja likukwawira kumene kunali sompho yawo, kankhwangwa kosemera kaja. Amuna anga anyamula thabwa la mlombwa m'mwamba ndi manja awiri, magazi akuyenderera pachibwano.

"Bambo a ana, dzanja lokhalo ayi! Menyani msana, menyani mwendo, dzanjalo lisiyeni!"

Anandimva, chifukwa anandiyang'ana kaye. Kenako thabwa linatsika. Phokoso lake ngati ukuthyola mapesi ouma. Achimwene sanalire, anangoliyang'ana dzanjalo, zala zitaloza kwina ndi kwina.

Kuyambira pamenepo aliyense payekha. Amuna anga ankakumba maenje pansi pafupi ndi geti, nkumasewera ndi alonda anzawo ndi a m'magadeni. Anapekanso masewera ena, koma popanda thabwa mvula ikagwa zonse zinkafafanizika, anthu nkuiwala.

Achimwene zala zinapola chopindika. Anayesa kusema ndi lamanzere, maenje ankatuluka opendama, nkhomo osakhazikika. Anayesa kumangirira sompho kudzanja ndi mphira, inawatema phazi. Potsiriza anandiitana, akuti nditenge zipangizo zonse ndikapereke kwa mmisiri wina wachiyao wa kuseri kwa mzikiti, iwo sangathe kupita nazo okha. Ndinazikulunga m'chiguduli, nkusenza. Pobwerera ndinawapeza atakhala pamtondo, akuphunzira kumanga mabatani a malaya ndi dzanja limodzi.