Dzanja la a Safeli

Cuthbert Nambazo anali munthu wa mafupa pa kachipatala kena ku Misuku. Kwawo kunali ku Phalombe, koma boma likakutuma sufunsa ngati kuli msewu. Anthu ankamukonda. Wina akaterereka m'njira za m'mapirimo n'kuthyoka mkono, Cuthbert ankamuika chikhakha uku akumuseketsa ndi Chitumbuka chake chopunduka.

Chilema chake, tinene poyera, chinali chakuti akamacheza nawe maso amakhala pa manja ako. Ankaphunzira zaluso zamakono pa foni, ndipo chaka chimenecho mphunzitsi wawo anati aliyense aonetse mmene ntchito imaumbira thupi la munthu. Anzake anajambula. Iye ayi, anakagula ufa wa chikhakha ku Karonga kuti aumbe manja a anthu othyola khofi.

Oyamba kuvomera anali a Safeli, mlimi wa zala zokhota ngati chinangwa.

"Adokotala, dzanja langali mupita nalo kuti?" anafunsa a Safeli.

"Likaonekera ku tauni, adada. Akumwa khofi adziwe amene amathyola."

"Yewo," anatero mkuluyo, osaseka.

Cuthbert anawapaka mafuta, n'kuwamata phala loyera kudzanja mpaka linagwira n'kukhala chikombole. Dzanja limene anaumba m'chikombolecho linatuluka ndi zonse, mizere, chipsera cha chikwanje, ngakhale chikhadabo chong'ambika. Analiimika pa windo kuti liume, zala zitaloza kunja. Kuphunzira sikuletsa kupusa. Windolo linayang'ana njira ya kumsika.

Khofi asanathe m'minda, a Safeli anagwa. Anadzuka pakamwa patapotoka, dzanja litafa, lomwelo lamanja. Cuthbert anafotokoza kuti ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo achibale anagwedeza mitu mwaulemu. Palibe anamulalatira. Kungoti moni unafupika, amayi a nthochi anasiya kuima pakhomo pake, ndipo odutsa pa windo paja ankabisa manja m'zitenje.

Dinah, mwana wamkulu wa a Safeli, anabwera kudzatenga dzanja loumba lija. Cuthbert analikulunga m'nsalu n'kulipereka ndi manja awiri, koma mayiyo anabwerera m'mbuyo.

"Ikani pasi. Nitola nekha."

Kuyambira tsiku limenelo Cuthbert anali ndi mantha. Miyala sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kuti wina adzathyoka, n'kukana kugwidwa ndi iye, pomwe kudera lonselo kunalibe wina wodziwa kuwongola fupa.

Anathyoka ndi Dinah yemweyo. Matumba amene ankasenza bambo ake anali atagwera iye, ndipo m'mawa wina wa mame anaterereka nalo limodzi pa chitunda. Anzake anamufikitsa ku chipatala mkono utapindika pamene sipapindika, thukuta lili kamukamu. Namwino anaitana Cuthbert. Iye anabwera ndi beseni, n'kuviika mabandeji, madzi n'kuyera ngati mkaka.

Dinah anayang'ana madziwo nthawi yaitali.

"Mama, tikapanda kuumanga lero upola chokhota," anatero Cuthbert. "Simudzanyamulanso dengu. Ndakupemphani."

Amayi amene anamuperekeza anayang'ana pansi. Dinah anatsika pa bedi, kupuma kukumuvuta ndi ululu.

"Nyumba yathu yapereka kale dzanja limodzi, adokotala."

Anakulunga mkonowo m'chitenje, n'kutuluka pang'onopang'ono kulowera njira yokwera phiri.