Mulungu Wobisala M'munda wa a Nhuchhe

Ine ndine Tirtha, ndipo ndatha zaka makumi awiri ndikulembera anthu mafomu m'kashopu kanga, moyang'anizana ndi ofesi ya boma m'tauni yathu ino, kum'mwera kwa Kathmandu. Ndalembera amasiye, ndalembera okangana malire, ndalemberanso ena amene ndikanayenera kuwapirikitsa ndi tsache. Koma fomu imene imandiwawa mumtima mpaka lero ndi ya a Nhuchhe Dangol.

A Nhuchhe anali mlimi wamfupi, wa zala zopindika ndi khasu. Ankalima kamunda ka maropani awiri, monga timayezera malo kwathu kuno, kuseri kwa sukulu, munda wokhawo umene unatsala pakati pa nyumba zosanjikizana. Sunali wawo. Unali wa guthi, bungwe la mabanja akwathu losunga miyambo, koma banja lawo ndilo linkaulima kuyambira makolo. Dzinja munkakhala mpunga, kenako mpiru. Akakolola, amayi ankayanikapo mbewu, ana nkumathamangapo. Chivomezi chija chitagwetsa nyumba, tonse tinakhala pamenepo masabata atatu.

Pakona ya mundawo, pansi pa dothi lofika m'bondo, panali Lukumahadya, ndiye kuti mulungu Mahadeva wobisala. Ndi mwala wosasema, waukulu ngati dzungu. Makolo amati analowa pansi pothawa chiwanda, ndipo safuna kuonedwa. Amaonekera kamodzi kokha pachaka, pa chikondwerero cha Pahachare, mwezi wa Chaitra. Tsikulo a Nhuchhe ankachotsa dothi la pamwamba, kumusambitsa pomwepo, kumupatsa nyama, kachasu wa mpunga ndi maluwa a mpiru, kenako nkumukwiriranso. Kumudzutsa pamalo pake ayi, palibe anayesapo.

Chifukwa cha mwalawo, boma linaika mundawo pa mndandanda wa malo akale otetezedwa. Tinasangalala, poti eni mabasi anali ataumezera kale mate, kufuna poimika mabasi awo. Koma chitetezocho chinabwera ndi pepala lake. Mwezi wa Asar uliwonse, pamene chaka cha boma chimatha, wosamalira malo ankayenera kupereka lipoti. Lipoti likakanidwa zaka ziwiri zotsatizana, malo amachotsedwa pa mndandanda.

Poyamba zinali zosavuta. Ine ndinkalemba, iwo nkudinda chala, basi. Kenako kunabwera fomu yatsopano ya pakompyuta.

"Akuti tichonge chimodzi, achimwene," ndinawawerengera. "Munda, bwalo la anthu, kapena malo akale."

"Chonga zonse zitatu."

"Kompyuta ikukana."

"Kompyutayo inadyapo mpunga? Inagonapo panja nthawi ya chivomezi? Chonga mulunguyo, ndiye wamkulu."

Ndinachonga malo akale. M'munsi mwake munali mawu akuti patumizidwe chithunzi cha chinthu chakalecho, chooneka bwino, chojambulidwa m'mwezi womwewo wa Asar.

"Tirtha mphwanga, werenganso," anatero. "Mwina magalasi akowo ndi ogula pamsewu."

Ndinawerenganso, ndipo mawu anali omwewo. Asar ndi mwezi wowokera mpunga, munda umakhala dziwe, ndipo Pahachare amakhala atadutsa miyezi itatu. Tinatumiza chithunzi cha tsiku la chikondwerero. Chinakanidwa.

Tinawoloka msewu kukaonana ndi mayi Karki, kalaliki wolandira malipoti. Sanali munthu woipa, ndipo anatigulira tiyi.

"Bambo, ine ndikukumvani bwinobwino," anatero. "Koma makinawa akaona deti la Chaitra amalavula. Sindine ndinawapanga."

"Ndiye mwananga, lembani kuti mulunguyo amabisala."

"Ndilembe pati? Palibe bokosi la zobisala."

Chaka choyamba chinapita choncho. Chachiwiri chitayandikira, a Nhuchhe anafunsa akuluakulu a guthi, ndipo iwo anangoyang'ana pansi nkunena kuti wakhasu ndi amene amadziwa dothi. Kunyumba nako kunalibe pogwira. Akazi awo, a Chini Maya, ankati m'mawa, "Mukamufukula tsiku lolakwika, musadzadyenso m'mbale zanga." Pofika masana nkumatinso, "Nanga mwangokhala? Mukufuna tidzadye utsi wa mabasi?"

Amene anawakankha ndine, sindibisa. Ndinawauza kuti mulungu amakhululuka koma kompyuta sikhululuka. Ndinkadziona wanzeru kwambiri tsiku limenelo.

Tsiku lomaliza la Asar, m'mawa, mvula ikuwaza, tinalowa m'munda. A Nhuchhe anazula mbande za mpunga pakonapo nkuziika pambali mosamala. Anakumba, koma dzenje linkadzaza madzi amatope asanaone n'komwe mwalawo. Anakapa ndi mbale, madzi nkubwereranso. Pa foni yanga pankangooneka thope.

"Sakuoneka, achimwene," ndinatero.

Anaika mbale pambali. Kenako anagwada, kulowetsa manja onse awiri mpaka m'mapewa, nkumudzutsa.

"Pepani, Ambuye," ananong'ona. "Si ine, ndi boma."

Anamukhazika pamzere wa munda, kumupukuta ndi chipewa chawo, ine nkujambula. Anamubwezera msangamsanga. Lipotilo linalandiridwa tsiku lomwelo, ndipo mayi Karki anawomba m'manja.

Patatha miyezi itatu kunabwera kalata, ndipo anabwera nayo kwa ine kuti ndiwawerengere. Inkati malinga ndi chithunzi, chinthu chakalecho n'chonyamulika, chili pamtetete, ndipo akuba angachitenge. Choncho chisamutsidwira kunyumba yosungira zakale kuti chitetezedwe bwino. Ndipo popeza mundawo sudzakhalanso ndi chakale chilichonse, ukuchotsedwa pa mndandanda.

Ndinathamanga ngati wamisala. Ndinayesa kuulembetsa ngati munda wotetezedwa, anati maropani awiri ndi ochepa, pamafunika asanu. Ndinayesa ngati bwalo la anthu, anati pabwalo sipalimidwa mpunga. Ndinalemba kuti mwalawo sunachokepo pamalo pake chikhalire. Anandiyankha ponditumizira chithunzi changa chomwe, mwala uli pamzere.

A Nhuchhe sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka. Akanandilalatira bwenzi nditapepukidwa.

Lero pamundapo anathirapo miyala, ndipo pamaima mabasi khumi ndi anayi. Lukumahadya ali m'chipinda cha m'mwamba kunyumba ya zakale, pashelefu, kuseri kwa chingwe, ali ndi nambala yake, babu likumuwalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pa Pahachare nyumbayo imakhala yotseka, poti ndi holide.

A Nhuchhe amapitako Lachiwiri lililonse ndi dothi m'thumba la jekete. Mlonda akayang'ana kumbali, amawaza pang'ono pamwamba pa mwalawo. Wosesa amabwera nkupukuta.

Sabata yatha anaima pakhomo la shopu yanga, chipewa chili m'manja.

"Ali maliseche, Tirtha," anatero. "Aliyense akungomuyang'ana. Iwe ndiwe wodziwa mapepala. Ilipo fomu yopempha kuti azimuzimitsirako magetsi?"

Ndinawauza kuti akhale pansi, ndiyang'ane. Ndinafufuza mafomu onse, imodzi ndi imodzi, iwo akudikira chala chawo chodindira chili chire. Palibe.