Kansengwa Kokhota ka Pan Lodri

Pan Lodri anakalambira pa makwerero otsikira kumtsinje. Dzina lake lenileni tinaliiwala chibadwire mwana wake Lodri, ndipo mwiniwake sanalifunenso. Ntchito yake inali kupala ndere pa akachisi a mafumu ku Gunung Kawi, aja osemedwa m'thanthwe tsidya lino ndi tsidya lina la mtsinje. Akuti chimphona chinawasema ndi zikhadabo. Iye ankati chimphonacho chinali chaulesi: madenga chinasanjikiza mpaka m'mwamba, koma zitseko n'kusiya zosatseguka. M'kati mulibe chipinda. Ndi mwala wokhawokha, woti mzimu wa mfumu uzitsamirapo ukabwera kudzationa.

Kuseri kwa minda ya mpunga kuli kachisi wina wapayekha, amene anthu samulabadira. Mkazi wake, Men Lodri, ndiye ankamukumbuka. M'mawa uliwonse ankaluka kansengwa ka masamba a kokonati, kuikamo maluwa ndi lubani, n'kukatula pa chitseko chogontha chija. Ankati wakufa woiwalika amamva kuzizira.

Atadwala matenda n'kukula, mayiyo anagwira mwamuna wake padzanja.

"Bambo a Lodri, uja wayekha uja asadzaswere wopanda maluwa, ngakhale tsiku limodzi. Mwamva?"

Anavomera msanga, ngati mmene amuna amavomerera. Sanaganize kuti wa pamaliro saponda m'kachisi mpaka atayeretsedwa. Imfa imene inamupatsa ntchitoyo ndi yomweyo inamutsekera njira, iye ndi abale ndi mudzi wonse.

Mkaziyo atamwalira, kutacha analuka yekha kansengwa, ndi zala zija zozolowera kukanda miyala. Kanatuluka kokhota. Anakaima pamwamba pa makwerero, pamene wodetsedwa amalekezera, ndipo wodutsa analipo mmodzi yekha: Men Suweca wa mudzi wa kutsidya, amene maliro sanamukhudze. Awiriwa sankalonjerana chiyambire unyamata. Iwo amati ndi nkhani ya abakha amene anadya mbande. Ife tikudziwa kuti Pan Lodri anayamba wafunsira kumeneko, kenako n'kuthawitsa wina.

"Mayi a Suweca."

"Ii! Mwala walankhula lero?"

"Ndinyamulireniko aka. N'ka uja wa kuseri kwa minda."

Mayiyo anakatembenuza uku ndi uku.

"Ichi n'chiyani, chisa cha khoswe? Zaka zonsezi mumangodya, osayang'anako manja a mkazi wanu?"

"Ndinamulonjeza."

"Kulonjeza mumatha inu. Ine ndiye mboni."

Pan Lodri anangozyolika. Pamutu pa mayiyo panali dengu la tinsengwa take tosalala, ndipo akanatha kuponya kokhotako m'ngalande n'kukatula kake. Anakaika pamwamba pa tonse n'kutsika, osacheuka. Mkuluyo anaima pomwepo mpaka kautsi ka lubani katakwera kuseri kwa mpunga. M'pamene analira, pakuti dzulo lake misozi inamukana.

Zinapitirira choncho masiku onse a chidetso, mayiyo akunyoza m'mawa uliwonse. "Lero kakhotera kumanzere. Mukuyesako."

Atamuwaza madzi oyeretsa, Pan Lodri anamanga lamba wovala polowa m'kachisi n'kutsika yekha. Anapeza mayiyo ali kale pa chitseko chija, akuyatsa lubani.

"Musandiyang'ane. Miyendo yangozolowera njira basi."

Pan Lodri anatula kake pambali pa ka mayiyo. Mpaka lero pamakhala tinsengwa tiwiri, ndipo eni ake akakumana kumsika salonjeranabe.