Ndinagawa chinsinsi cha mnzanga pamodzi ndi nyimbo za kwaya

Inu owerenga, kwathu ku Ligowe anthu ankandidziwa kuti ndine mayi wosayenda ndi nkhani za anthu. Miseche ya pamjigo ndinkaipewa, ndipo ndinkadzitama nazo. Koma lero ndikuvomera pamaso panu kuti ndinaulula chinsinsi cha mnzanga wapamtima kwa anthu amene mpaka pano sindikudziwa kuti ndi angati, popanda n'kutsegula pakamwa pomwe. Papita miyezi, koma ndikaganiza mmene zinayendera zimandiwawabe.

Mnzangayo ndiziwatchula kuti amake Tadala. Si dzina lawo lenileni, chifukwa ndinawaulula kale mokwanira. Takhala tikuimba limodzi m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu kwa zaka zambiri, ine ndikutsogolera nyimbo, iwo ataima pambali panga. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, ali wamng'ono. Tsiku lina tikupalira mbatata ya kachewere m'munda mwawo, anandiuza kuti anapezeka ndi kachilombo ka HIV ndipo anayamba kumwa ma ARV. Anati m'mudzi monse wodziwa ndine ndekha.

Musaganize kuti ankachita manyazi ndi mankhwalawo, ayi. Thupi linali bwino, pa khasu ankatiposa tonse. Nkhawa yawo inali pa Tadala. Mtsikanayo anaona bambo ake akudwala mpaka kutisiya, ndipo mayi ake akangotsokomola iye sankadya. Choncho amake anatsimikiza kuti adzamuuza okha, ndi pakamwa pawo, akadzamaliza mayeso a Folomu 4, kuti mantha asamusokoneze sukulu. Chimene anandisungitsa ndi chimenechi basi.

Nthawi ina anaphonya tsiku lokatenga mankhwala chifukwa chotanganidwa ndi zokolola. Ine ndinawakalipira monga mwa pakamwa panga, n'kuwauza kuti kuyambira pamenepo wowakumbutsa ndikhala ine. Ndinatenga buku lawo la kuchipatala n'kujambula ndi foni chikuto chake, pamene pali dzina ndi mudzi, kenako tsamba limene a chipatala analembapo mankhwala ndi tsiku lobwerera. Iwo sanakondwe nazo. Anandipempha kuti ndikalemba tsikulo penapake, zithunzizo ndifufute. Patapita masiku anandifunsanso, ine n'kuyankha kuti ndinafufuta kale. Linali bodza, bodza la ulesi chabe. Ndinkati ndifufuta madzulo, madzulowo sanafike, mpaka zithunzi ziwirizo zinakwiririka ndi zithunzi za mdzukulu wanga, za maukwati ndi za mitengo yanga ya manachesi. Kenako ndinaiwaliratu kuti zilimo.

Chaka chino batire ya foni yangayo inatupa mpaka chivundikiro chinayamba kunyamuka ngati mtanda wa mandasi. Mwana wanga wamkazi amene ali kubanja ku Blantyre ananditumizira foni yatsopano. Ntchito inatsala inali yosamutsa zithunzi ndi nyimbo zathu za kwaya zimene ndinkajambula. Iye anandiuza kuti pali njira yosungira zinthu pa intaneti, n'kukazitapa pa foni inayo. Ndinakana kwamtuwagalu. Kuti netiweki igwire bwino kwathu timachita kukwera pachulu, bandulo nayo sichedwa kutha. Koma chifukwa chachikulu chinali mantha. Ndinamuuza kuti sindingalole zithunzi zanga zikakhale kumalo kosaoneka, anthu osawadziwa azikaziyang'ana. Ndinkaopa alendo akutali, osadziwa kuti ndiziyala pamaso pa anansi anga.

Atalephera kundinyengerera, anandiphunzitsa kutumiza pa bulututhi, mafoni awiri atagonekedwa pamodzi, n'kumasankha chimene ukufuna. Anati ndi bwino kutero chifukwa zosafunika uzisiya pomwepo. Ndinakhala pakhonde masana onse ndikutumiza chimodzichimodzi. Zithunzi zinkayenda ngati bilimankhwe, mavidiyo a kwaya ankalekera panjira, foni yakaleyo ikuzima nthawi ndi nthawi. Ndinatopa nazo. Ndikanapirira tsiku lina limodzi, ndikanafika pa zithunzi ziwiri zija n'kuziona ndi maso anga. Akulu anati kuthamanga sikufika, koma ine mwambiwo ndinkaudziwa pophunzitsa ena.

Tsiku la msika ndinatenga mafoni onse awiri kupita nawo kwa a Saidi, bambo a imvi amene amagulitsa matchaja komanso kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu pa kompyuta. Ndi munthu waulemu, ndipo musawaweruze, chifukwa mafunso onse oyenera anandifunsa. Anayamba ndi kufunsa ngati ndikufuna kusankha zoti zisamuke. Ndinati angokokolola zonse. Analumikiza foni yakale ndi waya, zonse n'kuziunjika mu foda imodzi, ndiye kuti kathumba kamodzi ka mu kompyuta, kenako n'kuzithira mu foni yatsopano. Ntchito imene inandigonjetsa masana onse inatha ndisanamalize n'komwe kudya nthochi zimene ndinagula.

Pofuna kutsimikiza kuti zalowa bwino, anatsegula nyimbo imodzi ya kwaya yathu pa sipika. Mawu anga anamveka mpaka kumsika. Anthu anayamba kuima pakhomo, mayi wina n'kufunsa kuti akuimba bwino chonchiwa ndi a kuti. Inu owerenga, mutu unandikula pomwepo. Ndi nthawi imeneyo pamene a Saidi anandifunsa funso limene ndimalimvabe m'makutu.

“Mayi, zinthu zanu zatsalanso mu kompyutamu. Ndifufute?”

“Musafufute,” ndinayankha. “Aliyense wofuna nyimbo zathuzi muzimuikira.”

Anandikumbutsa kuti mu foda yomweyo muli zithunzi, ndipo kuzipatula kungatenge nthawi pamene pabenchi panali anthu ena akudikira. Ndinaseka n'kuwauza kuti ndi zithunzi za mdzukulu ndi manachesi, wofuna kuona aone. Fodayo anailemba kuti Kwaya ya Amayi. Lamulungu lake ine ndemwe ndinaimirira n'kulengeza kwa anzanga kuti nyimbo zathu tsopano zikupezeka kwa a Saidi, aliyense akaikitse n'kugawirako abale. Anandiombera m'manja, amake Tadala nawonso akuomba.

Tsoka silinunkha. Panapita masabata awiri ndikuyenda mapewa ali m'mwamba. Lachinayi lina nditafika kokonzekera nyimbo, ndinapeza amayi atakhala timagulu, akulankhula motsitsa. Atandiona anangoti zii. Amake Tadala kunalibe. Ndisanayambitse nyimbo, a Nabanda, amene ndi aakulu pa tonsefe, anandikoka dzanja kupita nane kuseri kwa tchalitchi. Anatulutsa foni yawo n'kuyamba kundionetsa. Ndinaona mdzukulu wanga akusamba m'beseni. Ndinaona manachesi anga. Ndinkamwetulirabe, kudabwa kuti vuto lili pati. Kenako chala chawo chinaima.

Linali buku lija, dzina la amake Tadala likuwerengeka bwinobwino, ndi mudzi womwe. Chithunzi chotsatira chinali tsamba la mankhwala.

“Kodi izi munatipatsa dala?” anandifunsa motero a Nabanda.

Ndinakhala pansi pa dothi ndi chitenje changa cha kwaya. Ndinkayang'ana foni ya munthu wina, koma chala chimene chinkaoneka m'mphepete mwa chithunzicho, chogwira tsamba kuti lisatsekeke, chinali changa. A Nabanda anati iwo anaziona dzana, ndipo pamene ankaziona n'kuti pachigayo zitakambidwa kale.

Ndinakwera kabaza ulendo wa kwa a Saidi, nsapato imodzi itaduka lamba. Nditawafotokozera anagwira pakamwa. Iwo fodayo sanaitsegulepo, ankangoikoka yathunthu n'kuponya m'mafoni ndi m'mamemori khadi a anthu monga ndinawauzira. Anaifufuta ndikuona. Nditafunsa kuti aikira anthu angati, anati sanawerenge: amayi a kwaya pafupifupi onse, a kabaza angapo, aphunzitsi, ngakhale ogula nandolo ochokera ku Lisungwi. Anawonjezera kuti amenewo nawonso amagawirana okhaokha. Bulututhi yomwe inkandichedwera ine pakhonde ija, kwa anthu ena inali ndi liwiro. Ndinaganiza zoyenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti afufute, koma ndinazindikira kuti potero ndiziwalozera ngakhale amene anali asanaone. Madzi akatayika saoleka.

Panatsala khomo limodzi lokha loti ndipiteko, ndipo njira yake, imene ndaiyenda zaka zonsezi, tsiku limenelo inatalika. Ndinawapeza amake Tadala akupeta nandolo pabwalo. Anandiyalira mphasa n'kundilonjera monga mwa masiku onse. Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za batire, za waya, za a Saidi. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anandiuza, osakweza mawu, zimene zinachitika dzulo lake.

Tadala anali atatsala ndi masiku ochepa kuti ayambe mayeso. Nthawi yopuma kusukulu, mnzake wina amene anabwera ndi foni ya mayi ake anamuonetsa chithunzi chija, ena atazungulira, n'kumufunsa ngati dzinalo lili la mayi ake. Tadala sanabwererenso m'kalasi. Anayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, mabuku atawasiya komweko. Atafika sanapereke moni. Anagwada n'kugwira miyendo ya mayi ake, ndipo funso lake linali limodzi: “Amayi, mufa liti?”

Amake Tadala atafika pamenepo anaika lichero pansi n'kundiyang'ana.

“Achemwali, zoti anthu adziwa sizikundiwawa, mankhwala akumwa ndi ambiri. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikukonza mawu omuuza mwanayu kuti asaope. Ndinali nditasankha ndi tsiku lomwe. Mawu amenewo mwandilanda.”

Kenako anati: “Paja munati munafufuta.”

Ndikanakonda akanandilalatira kapena kundithira nandolozo kumaso. Sanatero. Anatola lichero n'kupitiriza kupeta. M'nyumba ndinkamva Tadala akufwenthera, ndipo sanatuluke kudzandipatsa moni, mwana amene ndinamubereka kumsana pa maliro a bambo ake. Ndinabwerera kwathu ndikulira njira yonse ngati wofedwa, anthu akundiyang'ana.

Tadala mayeso analemba, koma maso ali otupa, ndipo mayi ake ankachita kumuperekeza mpaka pamsewu. Zotsatira zake sizinatuluke, ndipo ndikuziopa ngati mlandu wanga. Amake Tadala ali bwino ndithu. Anapita naye mwanayo kuchipatala, anamwino anamufotokozera kuti munthu womwa mankhwala mwandondomeko amakhala moyo wautali, ndipo tsopano wowakumbutsa tsiku ndi Tadalayo. Amake Tadala kukwaya anabwerera mutu uli m'mwamba, amayi ena awiri mpaka anawatsata mwakachetechete kukawauza kuti nawonso ali pa mankhwala omwewo. Koma pambali panga saimanso. Tikakumana amandipatsa moni wa muli bwanji, waulemu wonse, wofanana ndi umene amapatsa wogula nandolo. Utsogoleri wa nyimbo ndinautula ndekha, palibe anandikakamiza, komanso palibe anandiletsa.

Ndikadadziwa ndikadaphika therere, koma poti inu simunafike pamene ndafika ine, ndimvereni. Foni yanu si yanu nokha. Muli makalata a anthu, mabuku a kuchipatala, nkhope za ana a eni, zinthu zimene munajambula mothandiza n'kuiwala. Musanasamutse zithunzi, kaya ndi pa waya, pa memori khadi kapena pa bulututhi, khalani pansi muzione chimodzichimodzi, ngakhale zitenge masiku atatu. Mawu akuti “zonse” musawatchule kwa munthu amene wagwira foni yanu. Ngati zadutsa pa kompyuta ya wina, musachoke asanafufute inu mukuona, ndipo foni yakaleyo musaipereke kwa munthu isanayeretsedwe. Kukana intaneti sikunanditeteze ine, chifukwa chibowo sichinali kutali, chinali pa ulesi wanga ndi kukonda kutamidwa. Koposa zonse, mnzanu akakupemphani kuti mufufute kanthu, fufutani pomwepo iye akuona.

Nyimbo zija zikadayendabe. Sabata yatha ndinali mu minibasi yopita ku Lisungwi, ndipo bambo wina amene sindikumudziwa anatsegula nyimbo pa foni yake. Anali mawu anga, akutsogolera bwino lomwe, ndipo pambuyo pake ndinamva mawu a amake Tadala akundiyankha. Anthu ankagwedeza mitu, ena akuimba nawo. Ine ndinafunda chitenje kumaso mpaka potsikira, chifukwa ndikudziwa chimene chili pansi pa nyimbo imeneyo m'foni ya bamboyo.